Ndinkasungira Malo Anthu a Kasino

1

Dzina langa ndi Lenifa. Mayina ena m'nkhani muno ndawasintha, ndipo mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake. Ndimakhala ku Silver Spring, pafupi ndi Washington kuno ku America, ndipo ntchito yanga ndi yosambitsa ndi kudyetsa azungu okalamba omwe ana awo alibe nthawi. Ndili ndi mwana mmodzi, Christina. Nkhani ino muona ngati ndi ya aphungu ndi eni nyumba za njuga, koma ndi ya iyeyo.

Mu 1996 Christina anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sankakhala ndi ine. Ankakhala ku Atlantic City ndi bambo ake, a Ferdinand Chingwalu, omwe ankanyamula zikwama za alendo pa hotela ya kasino ya Marlin Crown. Womulera anali mng'ono wanga Anjimile. Ine ndinali pa ntchito yogonera komweko kwa gogo wina wa ku Bethesda, kumene mwana sankaloledwa ngakhale kudzasuzumira pakhomo. Gogoyo atamwalira ndinapeza ntchito ya mashifiti, ndinachita lendi kanyumba kangakanga pafupi ndi siteshoni ya sitima za Metro, ndipo chinthu choyamba kugula chinali bedi la mwana. Pulasitiki ya pamatiresi sindinachotse. Ndinkafuna adzang'ambe yekha.

Lamlungu lina ndinaimba foni.

"Bambo a Christina, sukulu zikutsegulira mu Seputembala. Mwana ndamulembetsa kale kuno."

"Mwamulembetsa bwanji osandifunsa?"

"Ndikufunseni za mwana wanga? Si tinagwirizana kuti ndikapeza pokhala abwera?"

"Abwera, mayi, abwera. Koma panopa kuntchito kuli zinthu. Mabwana andisankha pa kanthu kena kake. Tiyeni tidikire kadutse."

"Kanthu kanji?"

"Za ku ofesi. Simungazimve."

Munthu wonyamula zikwama anali ndi za ku ofesi zimene ine sindingazimve.

"Ndipatseni Anji."

"Wagona. Sakumva bwino masiku ano."

Anjimile anali atayamba kudwala nthawi iliyonse imene ine ndaimba. Kenako foni inalandidwa ndi kadzanja kena, ndipo ndinamva mpweya wa mwana wanga ukulira m'chifuwa monga mwa nthawi zonse.

"Hi! I lost a tooth!"

"Lagweruka dzino? Lankhula Chichewa, iwe."

Anangoseka n'kuthawa. Foni inagwera pa tebulo, ndipo ndinakhala ndikumvetsera phokoso la nyumba imene sindinkakhalamo mpaka wina anaidula.

2

Ganyu ya ku Capitol Hill, kumene kuli nyumba ya malamulo, ndinaipeza kudzera mwa Fryson, mbale wa ku Chipata yemwe tinkapemphera naye mpingo umodzi. Anandipeza panja pa tchalitchi ndikupinda chitenje.

"Sisi Lenifa, muli na off pa Wednesday? Kuli ka piece-work ku Hill. Kuimilira chabe, na sign m'manja. Simunyamula chilichonse."

Anandifotokozera tikuyenda kupita ku basi. Aphungu akamakonza lamulo latsopano amaitana anthu kudzapereka umboni m'zipinda za makomiti. Mipando ya owonerera ndi yochepa, ndipo amalowa amene wafika koyamba. Tsono kuli anthu a masuti a maofesi a mu K Street, omwe makampani amawalipira kuti azinong'oneza aphungu m'makutu. Fryson ankawatchula kuti malobisti. Anthu amenewa sangaime pamzere kuyambira m'mamawa, nsapato zawo n'zodula. Amalemba ganyu anthu ngati ife kuti tiwasungire malo, iwo n'kudzafika chitseko chatsala pang'ono kutsegulidwa, akununkhira sopo.

Sabata imeneyo aphungu ankakambirana zoti boma lifufuze makampani a njuga, lione m'mabuku mwawo, limvenso za mabanja amene aphwasuka. Eni makasino sankagona tulo. Ankafuna chipinda chidzaze ndi nkhope zawo, kuti phungu akadzutsa mutu aone anthu omwetulira okhaokha.

"Lamulo ni limodzi chabe," anatero Fryson atakweza chala. "Mwine wa malo akafika, imwe muchokapo. No story, no moni utali. Muzichita monga simulipo."

"Zimenezo ndimatha," ndinamuyankha.

Anandipatsa katoni yolembedwa ndi inki yakuda. Nditaiwerenga ndinaseka ndekha pa siteji ya basi. MARLIN CROWN. Kampani ya amuna anga! Ndinamva kunyada, ndisaname. Ndinati nanenso ndikathandize kuteteza ntchito imene imagulira mwana wanga mankhwala a mphumu. Madzulo ake ndinaimba ku Atlantic City kuti ndiwauze, koma foni inangolira osayankhidwa.

3

Lachitatu ndinakwera sitima ya Red Line kukadali kachisisira, ndinatsika pa Union Station n'kuyenda wapansi. Kunja kunali kutayamba kale kufunda, koma m'kati mwa nyumba ya maofesi a aphungu munkazizira ngati mu filiji ya butchala. Khonde lake linali lalitali, la miyala yoterera. Ife a ganyu tinadzaza kutsogolo konse kwa mzere: amuna operekera makalata pa njinga, amayi a ku Ethiopia, Amalawi angapo omwe tinangogwedezerana mitu. Aliyense katoni yake pachifuwa.

Kumbuyo kwanga, pomwe mzere wa makatoni unathera, kunaima mayi wina wachizungu wovala nsapato zansalu. Anali atakumbatira chithunzi cha m'felemu, nkhope ya pachithunziyo itayang'ana kumimba kwake. Azungu ena akatopa amayamba kukuuza moyo wawo wonse, ndipo uyu anali mmodzi wa iwo. Anabwera pa basi ndi anzake a mpingo kuchokera kutali, m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi. Mwamuna wake anali ndi sitolo ya zitsulo. Kutabwera sitima ya njuga pa doko la tauni yawo, sitolo inapita, nyumba inapita, ndipo tsiku lina anamupeza m'garaja atadzipha.

"Ndikungofuna ndikhale pomwe aphunguwo angandione," anatero. "Sindilankhula. Ndingonyamula chithunzichi. Mukuganiza kuti tilowa?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinkadziwa. Fryson anali atawerengera kale mipando, ndipo makatoni athu anali okwanira mipando yonse.

Anatulutsa switi ya minti m'chikwama n'kundipatsa. Anandifunsa ngati ndili ndi ana.

"Mmodzi. Wamkazi."

"Mumakhala naye?"

"Posachedwapa," ndinatero.

Switiyo ndinaiika m'thumba la yunifomu kuti ndidzamupatse Christina. Ndinali ndi chizolowezi chimenecho. Kabati yanga inali yodzaza ndi timaswiti todikira Seputembala.

4

Dzuwa litakwera, a masuti anayamba kufika. Mmodzimmodzi ankayenda akuwerenga makatoni, akapeza dzina lawo n'kugwedeza mutu, wa ganyu n'kuchokapo. Mzere unkasintha mtundu ndikuona, kuchokera kutsogolo kubwera kumbuyo.

Kenako ndinamva Fryson akunong'ona, "Abwana Whitcombe abwela."

A Whitcombe anali mkulu wa malobisti a Marlin Crown, mzungu wamtali wa imvi zosamalidwa bwino. Ankayenda chafutambuyo akulankhula ndi anthu amene ankawatsogolera, manja akuuluka m'mwamba. Atapatuka pang'ono ndinawaona anthuwo.

A Ferdinand anali mu suti yotuwa imene sindinaionepo. Pambali pawo panali Anjimile, tsitsi lowongoledwa, diresi labuluu lomasuka. Sindinayang'ane nkhope yake nthawi yaitali, chifukwa maso anga anatsika okha. Mimba inali itatsogola. Sinali mimba yoti munthu n'kukayikira kuti mwina wakhuta. Ndipo pakati pawo, atagwira dzanja la uyu ndi la uyu, panali Christina, maliboni oyera m'mutu, masokosi a zingwe, mpata wa dzino uli poyera.

Mwina mukuyembekezera kuti ndikuuzani zoti ndinakomoka kapena ndinakuwa. Ayi. Thupi langa linangoti zii, ngati mwendo umene waugonera. Ndinkaona zonse bwinobwino. Ndinaona kuti tayi ya a Ferdinand yapendekeka, ndipo dzanja langa linatsala pang'ono kupita kukaiwongola.

A Whitcombe anagogoda katoni yanga ndi chala, osandiyang'ana kumaso.

"Thank you, dear. This one is for Mrs. Chingwalu."

Malo amene ndinaimapo kuyambira m'mawa anali a mayi Chingwalu.

A Ferdinand anandiona. Anjimile anagwira mimba ndi manja onse awiri. Christina nkhope inawala, anachita ngati alumpha, kenako anaima. Anayang'ana a Whitcombe, anayang'ana wapolisi wa pachitseko, n'kubwerera kwa ine ndi kumwetulira kwaulemu.

"Hi, Auntie!"

A Whitcombe anadabwa mosangalala. Anafunsa ngati tikudziwana.

"My sister-in-law," anatero a Ferdinand. Mlamu wawo. Mawu awo sananjenjemere n'komwe.

A Whitcombe anaseka, anati dziko ndi laling'ono, anandigwira paphewa. Fryson anali atandiyang'anitsitsa, maso ali tong'o, mutu ukuloza kumbali. Mwini malo anali atafika.

Ndinachokapo. Anjimile anaponda pamwala womwewo pamene panali mapazi anga, chitseko chinatseguka, ndipo analowa.

5

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakubisirani mpaka pano. Musafulumire kutukwana Anjimile. Ukwati wake ndi amuna anga ndinaukonza ndine.

Ine ndi a Ferdinand tinakwatirana ku Ntcheu. Chinkhoswe chinachitika, ankhoswe a mbali zonse anadya nkhuku pamaso pa anthu. Pepala panalibe, ndipo palibe anaona kufunika kwake. Kuno tinabwera ndi ziphaso za alendo zomwe zinatha mphamvu kalekale. Christina anabadwira konkuno, ndi chifuwa cha mphumu chimene chinkatithamangitsira kuchipatala nyengo yozizira iliyonse. Anjimile ndinamuitanitsa ndekha kuti adzandithandize kulera. Boma la America litayambitsa lotale ya ziphaso zokhalira kuno, tinalembetsa tonse atatu. Linatuluka dzina la Anjimile.

Loya wina wa ku Langley Park anatiuza kuti wopambana lotale atha kukoka mwamuna wake, koma osati mkulu wake. Ndinaganiza nkhaniyo m'basi, ndipo pofika kunyumba ndinali nditamaliza.

"Ndi pepala chabe," ndinawauza awiriwo. "Ukwati weniweni uli ku Ntcheu. Ankhoswe akudziwa kuti mkazi wa a Chingwalu ndi ndani. Bambo akapeza mapepala apeza ntchito ya inshuwalansi, mwana apeza dokotala. Pakapita zaka mudzasudzulana, ine n'kulowa."

Anjimile analira. "Achemwali, ine ayi. Ndi alamu anga awa. Ndiwayang'ana bwanji?"

"Uwayang'ana ndi maso. Ndinakulera ndine mayi atamwalira, tikiti yobwerera kuno ndinagula ndine. Ukungondisungira malo, basi."

A Ferdinand anayang'ana pansi nthawi yonseyo. Sanavomere, koma sanakane. Amuna ena amatero.

Diresi la tsiku la ku khoti ndinasita ndine. Iwo atalowa, ine ndinadikira panja ndi mwana, tikudya mtedza.

Vuto linali Christina. Anthu ankatiopseza kuti a imigireshoni amabwera mwadzidzidzi kunyumba n'kufunsa ana, poti mwana sanama. Pa mapepala tinalemba kuti mayi ake omubereka anabwerera ku Malawi. Ndiye ndinayamba kumuphunzitsa. Ndinkamukhazika pa tebulo la kukhitchini, maswiti ali m'mbale.

"Uyu ndani?" ndikuloza Anjimile.

"Anji."

"Ayi. Mommy. Nanga ine?"

"Mommy!"

"Ayi. Auntie. Tiyambirenso."

Poyamba ankaseka, ankayesa masewera. Akakhoza, switi. Akalakwitsa, ndinkamumenya pa dzanja ndi zala ziwiri. Tsiku lina mu sitolo anandiitana kuti Mommy pamaso pa mzungu wa pa kauntala, ndipo titafika kunyumba ndinamutsina pa ntchafu mpaka panatsala chizindikiro. "Ukalakwitsanso, apolisi adzatenga adadi ako," ndinamuuza. Anali ndi zaka zinayi. Sanalakwitsenso.

Ntchito ya ku kasino itapezeka, banja la pa pepala linayenera kukhala nyumba imodzi. Ndinawaperekeza ndekha ku basi, n'kupatsa Anjimile mankhwala opopera a mwana ndi malangizo ake onse.

6

Amene sanapeze mipando anatilozera ku chipinda china, kumene kunali TV yoonetsa zochitika m'komitimo. Ganyu yanga inali itatha, ndikanatha kupita. Miyendo inanditengera m'chipindamo yokha, ndipo ndinapezeka nditakhala pafupi ndi mayi wa chithunzi uja. Chithunzicho anali atachiimika pa maondo, chikuyang'ana TV. Anali bambo wonenepa, wa chipewa, atanyamula nsomba.

Analankhula maprofesa, analankhula m'busa, analankhula mkulu wa kampani. Kenako anaitana a Ferdinand Chingwalu, wantchito wa Marlin Crown. Dzinalo phungu analiphotchola, anthu n'kuseka pang'ono.

Amuna anga analankhula bwino. Chingerezi chimenecho wina anachita kuwakonzera, chifukwa kunyumba sichinkatuluka choncho. Anati anabwera ku America ndi chikwama chimodzi. Anati anatsukapo mbale, anakolopapo zimbudzi, mwana wawo akubanika usiku wonse iwo alibe khobidi la dokotala. Anati kasino inawapatsa inshuwalansi, ndipo lero mwanayo amathamanga ngati anzake. Anati mkazi wawo akuyembekezera wachiwiri. Anapempha aphungu kuti pofufuza njuga asaiwale mabanja amene amadya chifukwa cha njugayo.

Zonse zinali zoona, kupatula chimodzi. Usiku umene ankanenawo, amene ankakhala mu bafa ndi mwana pachifuwa, madzi otentha akutuluka nthunzi, ndinali ine.

Phungu wina wokalamba anavula magalasi n'kupempha kuti banjalo liimirire. Kamera inatembenuka. Kumbuyo kwawo a Whitcombe ankagwedeza mutu ngati mphunzitsi wa kwaya. Phunguyo anafunsa Christina dzina lake, zaka zake, kenako anafunsa kuti mayi wokongola ali pambali pakeyo ndi ndani.

"My mommy," anatero Christina, mokweza, momveka bwino.

Chipinda chonse chinati aaa. Ena anaomba m'manja.

Mayi wa chithunzi anapukuta maso. "Banja labwino," anandinong'oneza. "Mwina kwa ena zimayenda."

Pakhomo panali atolankhani awiri ndi timabuku tawo. Ndikanangotsegula pakamwa kamodzi, kunena kuti mwana uyo ndi wanga, mboni ya kasino yanama pamaso pa aphungu, mayi wa chithunzi uja akanapeza chimene anayendera ulendo wonsewo. A Ferdinand akanalowa m'ndende, Anjimile akanakwezedwa ndege ndi mimba yake, ine pambuyo pake. Christina, nzika ya America, akanatsala m'manja mwa boma. Ndinaziganiza zonsezi mofatsa, ngati ndikusankha nyemba. Kenako ndinauza mayiyo kuti inde, ndi banja labwino.

7

Anandipeza pa Union Station, pansi pomwe pali malo odyera. Fryson ndiye anawauza kumene ndalowera. A Ferdinand anakhala moyang'anana nane, Anjimile anakhala cham'mbali, Christina anamupatsa ayisikilimu n'kumukhazika pa tebulo lina.

"Mayi a Christina, timafuna tikuuzeni bwinobwino. Tinkadikira nthawi yabwino," anayamba a Ferdinand.

"Miyezi ingati?"

Anjimile anayankha osadzutsa mutu. "Isanu ndi iwiri."

"Pa Khirisimasi ndinabwera. Ndinagona pa sofa poopa anthu oyandikana nawo. Inu munagona kuchipinda, munati ndi zongoonetsera."

Ndinadikira mkwiyo kuti ubwere, poti ndine munthu wa mkwiyo, kwathu amandidziwa. Sunabwere.

"Chabwino," ndinatero. "Zanu ndi zanu. Mwamuna mutenge, Anji, sindilimbana nawe. Mwana wanga ndikumufuna lero. Bedi lilipo."

A Ferdinand anatulutsa kabuku konyezimira m'thumba la jekete n'kukaika patebulo. Pachikuto panali iwo atatu, ataima kutsogolo kwa hotela, akuseka. Pansi pake panali mawu akuti awa ndi mabanja a Marlin Crown.

"Timabuku timeneti a Whitcombe atipereka mu ofesi ya phungu aliyense mu Washington muno," anatero. "Mawa tili mu nyuzipepala. Mwezi wamawa akufuna tikalankhulenso ku komiti ina. Andikweza, mayi. Akutisamutsira ku hotela yatsopano ku Biloxi, kutali kum'mwera, nyumba ya kampani, sukulu yabwino. Tsopano taganizani. Mwana wa pachikuto asowe m'banjamo, apezeke ku Silver Spring ndi mayi wina yemwe mapepala amati ali ku Malawi. Anthu odana ndi kasino akufufuza chilichonse chokhudza mboni. Akangogwira kamodzi, tapita tonse. Inunso."

"Ndiye munavomereranji kujambulidwa?"

"Munthu umakana bwanji abwana akakusankha? Ankafuna banja lakuda, lopemphera, la mwana wodwala amene anachira. Pa hotela ponse tinapezeka ife."

Ndinatembenukira kwa mng'ono wanga. "Iwe, tinagwirizana chiyani? Si ndinati ukungondisungira malo?"

Apo m'pamene anadzutsa mutu. Maso anali ofiira, koma mawu anali owuma.

"Achemwali, ndinakukanirani. Ndinalira pamaso panu, munati ndiwayang'ane ndi maso. Mwandisiya zaka ziwiri m'nyumba imodzi ndi mwamuna, ndikumuphikira, ndikumuchapira, mwana akadwala ndikudzuka ndine, kusukulu ndikusaina ndine. Aliyense akundiitana mayi Chingwalu. Inu mumabwera kawiri pachaka ndi maswiti. Mumafuna ndikhale chiyani, mtengo?"

Ndinayang'ana kabuku kaja. Anamujambula bwino mwana wanga, dzino lisanagweruke.

8

"I need the bathroom," anatero Christina atafika pa tebulo pathu, manja ali nyatanyata ndi ayisikilimu.

Anjimile anayamba kudzuka movutikira. Ndinati khala, ndimuperekeza ndine. A Ferdinand anandiyang'ana mwamantha, ngati ndithawa naye. Ndinaganizapo. Sitima za Red Line zinali pansi pomwepo.

Kuchimbudzi kunalibe munthu. Atamaliza ndinamukweza pa sinki, ndinatsegula madzi, ndinamusambitsa zala chimodzichimodzi. Anali atatalika. Tsitsi analiluka molimba kwambiri, khungu la pachipumi linali litakokeka. Ndinamva fungo la mafuta amene sindigwiritsa ntchito ine.

Ndinawerama kuti maso athu alingane.

"Christina, muno mulibe mzungu. Tili awiri. Ndine ndani ine?"

Anatsika pa sinki, anawerama n'kusuzumira pansi pa zitseko zonse, chimodzi ndi chimodzi, monga momwe ndinamuphunzitsira. Atatsimikiza kuti mulibe mapazi a munthu anabwerera.

"You're Auntie Lenifa."

"Ayi, mwana wanga. Masewera aja atha. Palibe akumva. Tanena, ndine ndani?"

Anandiyang'ana m'maso, anayang'ana zala zanga, kenako pang'onopang'ono anabisa dzanja lake lamanja kumbuyo.

"Is it a trick?" ananong'ona. "I didn't get it wrong. I never get it wrong."

Ankafunsa ngati ndikumutchera msampha. Ankandiuza kuti sanalakwitse, kuti salakwitsa.

Madzi ankangotayika mu sinki. Ndinayang'ana kadzanja kobisika kaja, ndipo m'kati mwanga munalibe chilichonse, ngakhale misozi.

"Sunalakwitse," ndinatero. "Wakhoza."

Ndinapisa m'thumba la yunifomu, ndinapeza switi ya minti ya mayi uja, ndinamupatsa. Anatulutsa dzanja n'kulandira. Kenako ndinamugwira pa mkono n'kumubwezera kwa mayi ake.

9

Papita zaka zitatu. Lamulo lija linadutsa, koma atalizula mano; a masuti anagwira ntchito yawo. Mayi wa chithunzi sindinamuonenso. A Ferdinand ndi akuluakulu tsopano ku Biloxi, amayang'anira anzawo onyamula zikwama. Anjimile anabereka mwana wamwamuna. Ine ndikadali ku Silver Spring, wopanda mapepala, ndikutembenuza agogo a eni ake kuti asatuluke zilonda. Fryson amandiitanabe kukagwira ganyu ku Hill, ndipo ndimapita. Amati ndine wodalirika, sindichedwa kuchokapo.

Ndinalembera ankhoswe ku Ntcheu. Wa mbali yanga anali atamwalira. Wa kuchimuna anayankha kuti zikomo poti zonse zachitikira m'banja momwemo, mwana sanapite kwa mlendo.

Inu owerenga, musandilembere kuti ndipite kupolisi kapena kwa loya. Ndinaganiza kale, ndipo njira iliyonse imathera pa mwana wanga ali m'nyumba ya boma. Musandilemberenso kuti ndikhululuke, chifukwa ndikafufuza woti ndimukhululukire ndimapeza anthu awiri amene anachita zomwe ndinawatuma. Ndalemba chifukwa cha amayi anzanga amene muli kuno, kapena mukukonzekera kubwera, omwe wina wakuuzani kale kuti ndi pepala chabe. Ife kwathu timati ukwati ndi ankhoswe, ndipo mwana wa mkulu ndi mng'ono ndi mmodzi. Kuno amafunsa mwanayo, ndipo chimene wayankha n'chimene chimalembedwa.

Bedi lija lilipo, pulasitiki ikadali pa matiresi. Ndi lalifupi tsopano, sangakwanepo. Lamlungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndimaimba ku Biloxi, ndipo amamupatsa foni. Amandiuza za kusukulu, za mlongo wake, za mphumu imene yayamba kuchepa. Ndimamvetsera mwatcheru, mwina tsiku lina lilime lidzaterereka, adzaiwala, adzanditchula dzina lija mwangozi. Sizinachitikepo. Ndinamuphunzitsa bwino.